Chindoko ndi Matchona mu Mzinda wa Bulawayo

Mu Novembala 1897 njanji yochokera kummwera, yodzera ku Mafeking, inatsegulidwa mu mzinda wa Bulawayo. Panali patangopita zaka zinayi kuchokera pamene asilikali a kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company, anafika pa likulu la mfumu Lobengula n'kulipeza lili phulusa lokhalokha, mwini wake atathawira kumpoto. Mzinda watsopano umene azungu anamanga pafupi ndi bwinjalo unakula msanga. Pofika 1905 njanji inali itadutsa pa migodi ya malasha ya Wankie, imene lero ndi Hwange, n'kuoloka mtsinje wa Zambezi pa Victoria Falls. Migodi ya golide inatsegulidwa uku ndi uku, ndipo njanji, migodi ndi makomo a azungu zinkafuna antchito ochuluka kuposa amene Amandebele ndi Amashona ankalola kupereka pa malipiro a nthawiyo. Mbiri ya chindoko mu mzindawu siingamveke bwino popanda kusowa kwa antchito kumeneku, ndipo n'chifukwa chake ili mbirinso ya anthu a ku Malawi.

Ku Nyasaland boma la atsamunda linali litakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, koma ntchito za ndalama zinali zochepa ndipo minda ya azungu inkalipira mwachipongwe. Motero Atonga a ku Nkhata Bay, Angoni a ku Mzimba ndi Ntcheu, Achewa a ku Kasungu ndi Dedza, Ayao ndi ena ambiri anayamba kulowera kummwera. Ankayenda pansi masabata angapo, kuoloka Zambezi cha ku Tete kapena ku Feira, mpaka kufika ku dziko limene kwawo ankangolitcha Halale. Ena ankalembedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, limene linayamba mu 1903 ndipo antchito analipatsa dzina loti chibalo. Ena ankazemba olemba ntchitowo n'kumadzifunira okha malo a malipiro abwinoko, ndipo Bulawayo, likulu la njanji, inali imodzi mwa malo oterowo. Clements Kadalie anagwirapo ntchito mu mzindawu asanapitirire ku Cape Town, ndipo Robert Sambo, amene anayambitsa nthambi ya bungwe la antchito la ICU ku Bulawayo mu 1927, analinso wa ku Nyasaland. Komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa mu 1935, motsogozedwa ndi Travers Lacey, inayerekeza kuti anthu pafupifupi 120,000 a m'dzikolo anali kunja, ndipo inadandaula za midzi yotsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba zokha. Amene sanabwererenso kwawo anatchedwa matchona.

Mzinda umene anthuwa anaupeza sunamangidwe kuti mukhale mabanja a anthu akuda. M'maso mwa boma, wantchito anali mlendo wongodutsa, wofunika pamene ali ndi mphamvu ndipo woyenera kubwerera kumudzi akadwala kapena akakalamba. Ku Makokoba, komboni yakale kwambiri ya Bulawayo, amuna ankathithikana m'tizipinda. M'makomboni a njanji ndi a migodi zinali chimodzimodzi. Malipiro ankawerengedwa ngati a munthu mmodzi wopanda mkazi ndi ana. Amuna anali ochuluka kwambiri kuposa akazi, ndipo akazi amene anafika mu mzindawo, ena othawa maukwati okakamiza, ena amasiye, ena osowa pogwira njala itavuta, anapeza kuti ntchito zolembedwa, ngakhale za m'khitchini mwa azungu, zinali za amuna. Zowatsalira zinali kufulula mowa, kuphikira ndi kuchapira anthu, kukhala ndi mwamuna kwa kanthawi popanda ukwati, ndipo kwa ena kugulitsa thupi. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake la mu 1976 lotchedwa Chibaro, anaonetsa kuti eni migodi ankalekerera zimenezi chifukwa zinkathandiza kuti antchito asathawe. Pamalo otere nthenda yopatsirana pogonana inapeza nthaka yachonde.

Chindoko chimayamba ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya kotchedwa Treponema pallidum, kooneka ngati waya wopotana. Kamalowa m'thupi munthu akakhudzana ndi chilonda cha wodwala, makamaka pogonana, ndipo mayi woyembekezera amatha kupatsira mwana ali m'mimba. Pakapita pafupifupi masabata atatu, ngakhale nthawi zina amakwana miyezi itatu, pamalo pamene kachilomboko kanalowera pamatuluka kachilonda kolimba m'mphepete, kamene kawirikawiri sikapweteka. Kwa mayi kamatha kubisika m'kati, iye mwini osakaona n'komwe. Kachilondako kamapola kokha pakatha masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, ndipo apa ndi pamene nthendayi imapusitsira anthu. Pambuyo pake pamabwera zidzolo, nthawi zambiri m'zikhatho ndi kumapazi, pamodzi ndi kutentha thupi, kutupa kwa mwanabere ndi kuthothoka kwa tsitsi. Izinso zimatha zokha. Kenaka nthendayo imakhala chete kwa zaka, munthu akuoneka wathanzi, mpaka mwa ena imadzatulukira mu mtima, m'mitsempha ya magazi, m'mafupa, m'maso kapena muubongo. Kale, zipatala za amisala m'mayiko ambiri zinkasunga anthu ochuluka amene ubongo wawo unaonongeka ndi chindoko, ndipo chipatala cha Ingutsheni ku Bulawayo chinatsegulidwa mu 1908, mankhwala odalirika a nthendayi asanapezeke.

Kuyambira pachiyambi, chindoko chakhala nthenda yoloza chala mnansi. Mliri wake woyamba kulembedwa unabuka mu 1495 pakati pa asilikali a mfumu Charles VIII ya France amene anakathira nkhondo mzinda wa Naples. Anthu a ku Italy anaitcha nthenda ya Afalansa, Afalansa n'kuitcha nthenda ya ku Naples. Dzina limene madokotala amagwiritsa ntchito linachokera mu ndakatulo ya Girolamo Fracastoro ya mu 1530. Kwa zaka mazana anayi odwala ankapatsidwa mercury, mankhwala a poizoni amene ankagwetsa mano ndi kupha ena mwa iwo. David Livingstone, m'buku lake la mu 1857, analemba kuti nthendayi sinali yokhazikika pakati pa anthu a m'kati mwa Africa amene anawayendera. Kufotokoza kwake kwa chifukwa chake kunali kolakwika, koma umboni wakewo ndi wofunika: patangopita zaka makumi asanu, azungu a m'matauni atsopano anayamba kulankhula ngati kuti chindoko chinali chibadwa cha munthu wakuda.

Nthawi yomweyo sayansi inkapita patsogolo ku Ulaya. Mu 1905 Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann anaona kachilomboko ku Berlin. Mu 1906 August von Wassermann ndi anzake anapeza njira yoyezera magazi. Mu 1909 Paul Ehrlich ndi Sahachiro Hata anapeza mankhwala a arsenic otchedwa 606, amene anayamba kugulitsidwa mu 1910 ndi dzina loti Salvarsan. Mankhwalawa ndi ena otsatira anafikanso ku Southern Rhodesia, ndipo chifukwa zilonda zinkauma munthu atangobayidwa kamodzi kapena kawiri, jekeseni inatchuka ngati mankhwala oposa onse. Koma kuti kachilombo katheretu pankafunika majekeseni ambiri kwa chaka kapena kuposerapo. Wantchito wapamgodi, amene tsiku lililonse logona kuchipatala linali tsiku losalembedwa pa tikiti yake, ankasiya chilonda chikangopola, ndipo bwana wake sankaona chifukwa chomuletsera. Anthu ambiri anatuluka m'chipatala akukhulupirira kuti achira pamene nthenda inangobisala.

Boma la Southern Rhodesia, limene linayamba kudzilamulira lokha pansi pa azungu mu 1923, linakhazikitsa lamulo la zaumoyo la Public Health Act mu 1924. Lamuloli linapatsa akuluakulu mphamvu zoyeza ndi kutsekera munthu woganiziridwa kuti ali ndi matenda opatsirana pogonana. Nkhawa ya azungu inali pawiri: kuti antchito odwala amachepetsa phindu, ndi kuti antchito a m'nyumba angapatsire mabanja awo. Amuna ankayezedwa polembedwa ntchito ndi potenga chitupa, koma goli lolemera linagwera akazi osakwatiwa. Mkazi wakuda wofika m'tauni kapena pamgodi popanda umboni wa ukwati ankakakamizidwa kuvula n'kuyang'anidwa kumaliseche, ndipo wopezeka ndi chizindikiro ankatsekeredwa kuchipatala kapena kuthamangitsidwa. Amayi anaupatsa mchitidwewu dzina la Chishona loti chibeura, lochokera ku mawu otanthauza kutsegula kapena kukanula. Wolemba mbiri Lynette Jackson anacheza ndi amayi achikulire amene anadutsamo, ndipo zimene anasunga mumtima kwa zaka zonsezo zinali manyazi ndi mkwiyo. Chibeura chinapitirira mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Kupatula nkhanza zake, chibeura sichikanatha kugonjetsa chindoko ngakhale chikanachitidwa mwaulemu. Kuyang'ana ndi maso kumangopeza munthu amene ali ndi chilonda tsiku limenelo. Amene nthenda yake yabisala amadutsa ngati wabwinobwino, ndipo amene ali ndi chilonda cha nthenda ina amagwidwa popanda chifukwa. Kuchiza mkazi n'kusiya amuna amene amagona naye kunali kutunga madzi ndi dengu, pakuti munthu wochira chindoko amatha kuchitenganso. Amuna achizungu, amene ena mwa iwo ankagona ndi akazi akuda mobisa, sankaimikidwa pamzere ngati mmene ankachitira ndi amayiwo. Choipa koposa chinali chakuti chipatala chinasanduka nthambi ya polisi. Mayi woona kachilonda ankadziwa kuti kudzionetsa kwa dokotala kungam'chotsetse m'tauni, choncho ankabisa, kapena kupita kwa sing'anga ndi kwa anthu obaya jekeseni mozemba. Lamulo limene linati likusaka nthenda linaithandiza kubisala.

Mbali ina ya nkhaniyi inkachitikira kutali ndi Bulawayo, m'midzi ya ku Nyasaland. Mwamuna wobwera kuchokera ku Halale ankafika ndi sutikesi, njinga, bulangete ndi nsalu za mkazi wake, akuoneka wonenepa ndi wosalala. Ngati anali ndi chindoko chimene anachitenga chaka chimenecho kapena chapitacho, ankatha kupatsira mkazi wake iye mwini asakudziwa. Zotsatira zake zinkaonekera pa uchembere: mimba kupita padera, mwana kubadwa wakufa, khanda kubadwa lofooka, lotuluka zilonda ndi mamina osatha, n'kumwalira lisanathe mwezi. Zoterezi zikachitika kawiri kapena katatu, mudzi unkafuna chifukwa. Ena ankanena za tsempho, ena za ufiti, ena ankanyoza mayiyo kuti sanadzisunge pamene mwamuna anali kuulendo, ndipo panali maukwati amene anatha pa milandu yotere. Monga ku Makokoba, mlandu unkagwera mkazi. Kusiyana kwake kunali kwakuti kuno woweruza anali m'bale wake yemwe.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kunamveka mawu awiri amene anatsutsa maganizo a atsamunda. Mu 1949 dokotala wa ku London, R. R. Willcox, anayendera Southern Rhodesia pofufuza za matenda opatsirana pogonana, ndipo mu 1951 anafalitsa zimene anapeza zokhudza nthenda yotchedwa njovera. Umenewu unali mtundu wa chindoko wofala pakati pa ana a m'midzi yosauka, wopatsirana pokhudzana khungu ndi pomwera chikho chimodzi, popanda kugonana. Nthenda yofanana nayo, dichuchwa, inalinso ku Bechuanaland. Popeza kuyeza magazi sikunkasiyanitsa mitundu imeneyi, ena mwa anthu amene ankawerengedwa ngati umboni wa chiwerewere anali atangodwala nthenda ya umphawi ali ana. Mu 1949 momwemo Sidney Kark, dokotala wa ku Pholela ku Natal, analemba kuti gwero la chindoko pakati pa Aafirika linali dongosolo lochotsa amuna m'mabanja mwawo n'kuwaunjika m'makomboni, ndi kuti kuchiza munthu mmodzimmodzi sikungathetse vutolo dongosololo likadalipo. Zimene Kark ananena za migodi ya ku Joni zinali zoona ndithu za Bulawayo ndi Wankie.

Mankhwala enieni anafika ndi penisilini. Mu 1943 John Mahoney ndi anzake ku New York anachiza odwala chindoko anayi ndi mankhwalawa, ndipo pasanathe zaka khumi majekeseni a arsenic anali atasiyidwa. Chithandizo cha chaka chathunthu chinasanduka cha masiku ochepa, kenaka cha jekeseni imodzi. Komabe kupezeka kwa mankhwala sikutanthauza kuti aliyense apatsidwa. Ku Tuskegee, m'dziko la America, madokotala a boma anatsatira amuna akuda 399 odwala chindoko kuyambira 1932 mpaka 1972 osawachiza, kuti angoona mmene nthendayo imawonongera thupi, ngakhale penisilini analipo. Ku Bulawayo zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Sitalaka ya antchito a njanji ya mu 1945, imene inayambira mu mzindawu, ndi sitalaka yaikulu ya mu 1948 zinakakamiza boma kuvomereza kuti wantchito wakuda ndi wokhazikika m'tauni ndipo ali ndi banja. M'zaka za m'ma 1950 khonsolo inamanga nyumba za mabanja m'madera monga Mpopoma, ndipo mu 1958 chipatala chachikulu cha Mpilo, dzina lotanthauza moyo m'Chindebele, chinatsegulidwa. Imeneyi inali nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene anthu a ku Nyasaland ankalowabe m'dzikolo ambirimbiri, ena atatenga akazi awo, ena n'kukwatira komweko.

Ufulu wa Zimbabwe wa mu 1980 sunafafanize maganizo akale tsiku limodzi. Chakumapeto kwa 1983 apolisi ndi asilikali anagwira amayi zikwizikwi m'matauni a dzikolo, kuphatikizapo Bulawayo, powaganizira uhule chifukwa chongoyenda okha, ndipo ena anatumizidwa ku Mushumbi Pools m'chigwa cha Zambezi. Patangopita zaka ziwiri, mu 1985, Zimbabwe ndi Malawi onse analengeza odwala Edzi oyamba, ndipo zinadziwika kuti zilonda za chindoko ndi za matenda ena otere zimatsegulira khomo kachilombo ka HIV. Apa ndi pamene njira ina inayesedwa. Zimbabwe linali limodzi mwa mayiko oyamba kulola anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono kuchiza matenda opatsirana pogonana tsiku lomwelo potengera zizindikiro, osadikira zotsatira za ku labotale. Mu 1989 nthambi ya zaumoyo ya khonsolo ya Bulawayo, mothandizana ndi akatswiri a ku University of Zimbabwe, inayamba kuphunzitsa amayi oyendayenda kuti aziphunzitsa anzawo ndi kugawa makondomu m'malo omwera mowa. Amayi a mtundu womwewo amene kale ankaimikidwa pamzere wa chibeura tsopano anakhala aphunzitsi, ndipo njira ya ku Bulawayo inatengeredwa m'matauni ena a kuno kummwera kwa Africa.

Kumene chindoko chinapitiriza kupha mwakachetechete kunali kuchipinda cha amayi oyembekezera. Kafukufuku wa ku Mpilo wofalitsidwa mu 1992 anapeza kuti nthendayi inali chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu za imfa za ana obadwa akufa ndi omwalira atangobadwa. Ku Malawi, kafukufuku wa ku Mangochi wofalitsidwa mu 1993, amene mmodzi mwa olemba ake anali dokotala wa ku Malawi Jack Wirima, anapeza kuti mwa ana anayi aliwonse obadwa akufa m'dera limene anafufuzalo, pafupifupi mmodzi anafa ndi chindoko. Malekezero awiri a msewu wakale wa matchona anapezeka akulira maliro ofanana, patapita zaka makumi asanu chipezekereni mankhwala ake. Mu 2007 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linayambitsa ntchito yothetsa chindoko chobadwa nacho, ndipo mu 2015 Cuba linakhala dziko loyamba kutsimikiziridwa kuti lathetsa kupatsirana kwa HIV ndi chindoko kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Ngakhale zili choncho, bungweli linayerekeza kuti mu 2022 anthu akuluakulu 8 miliyoni anatenga chindoko padziko lonse, ndipo mimba pafupifupi 700,000 zinakhudzidwa ndi chindoko chopatsira mwana.

Njira zopewera ndi zodziwika ndipo si zodula. Katemera wa chindoko kulibe, koma kachilombo kake sikanayambe kupirira penisilini mpaka lero. Jekeseni imodzi ya benzathine penicillin imachiza chindoko chongoyamba kumene. Chokhalitsa chimafuna majekeseni atatu, imodzi pa sabata. Kadontho ka magazi a pachala kamapereka zotsatira pasanathe theka la ola, ndipo pali zipangizo zoyezera HIV ndi chindoko nthawi imodzi. Mayi woyamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, n'kuyezedwa ndi kubayidwa tsiku lomwelo akapezeka nacho, amapulumutsa mwana wake. Akachedwa mpaka mwezi womaliza, jekeseniyo imatha kufika mwana atavulala kale. Mwamuna wake ayenera kulandira chithandizo nthawi yomweyo, apo ayi mayiyo atenganso. Kondomu imachepetsa kwambiri mpata wotenga nthendayi, ngakhale siiteteza pamene chilonda chili pamalo osaphimbika. Chilonda chosapweteka cha kumaliseche, kukamwa kapena kumatako chikapola chokha, chimenecho ndi chifukwa chopitira kuchipatala. Safunsa anadya phula.

Zidzukulu za matchona zikadali ku Makokoba, ku Mzilikazi, ku Njube ndi ku Hwange, zina zikulankhulabe Chichewa, zina zikuvinabe gule wamkulu pa maliro, ndipo achinyamata a ku Malawi ndi a ku Matabeleland akupitabe ku Johannesburg kukafuna ntchito, akusiya mabanja kumudzi monga anachitira agogo awo. Mbiri ya Bulawayo ikuonetsa zimene zinayesedwa kale pa anthu otere. Kwa zaka zoposa makumi atatu boma linavula amayi ndi kuwatsekera, nthenda osatha. Inayamba kubwerera m'mbuyo pamene mankhwala anafika pafupi ndi anthu, pamene antchito analoledwa kukhala ndi mabanja awo, ndi pamene wodwala anatha kulowa m'chipatala popanda kuopa kumangidwa kapena kunyozedwa. Chimene chatsala ndi chakuti mayi aliyense woyembekezera ayezedwe msanga, penisilini asasowe m'zipatala za kumidzi, ndipo mwamuna wobwera kuchokera kuulendo aperekeze mkazi wake kusikelo n'kupereka chala chake kuti nayenso ayezedwe.